Misundu ya m'thanki ya a Sakala

Ana anga, mwakhala mukundiseka kuti bambo wanu anagwira ntchito ya nsomba moyo wake wonse, koma mukamutumizira chithunzi cha kachilombo pa foni amangoyankha kuti, "Bwera nako ndikaone." Mwezi wathawu mlongo wanu wa ku Lilongwe anandikwiyira sabata yathunthu chifukwa ndinakana kumuuza dzina la tinthu toyera timene tikuyenda m'thanki yake ya nsomba. Akuti ndakalamba, ndayamba matama. Si matama ayi. Nkhani yake ndi imene ndikulembayi, ndipo ndikuilemba ndekha chifukwa anthu ena akamaifotokoza amaikometsa, ine n'kumamveka ngati munthu wolimba mtima.

Chaka choyamba, ku Mkanda

Nditamaliza maphunziro, bungwe lina lothandiza alimi kuweta nsomba linandilemba ntchito n'kunditumiza ku Mchinji. Dzina la bungwelo tilisiye. Anzanga anandiseka mpaka misozi. Munthu wophunzira za nsomba kumutumiza kudziko la fodya ndi mtedza, kumene nsomba imene anthu ankaidziwa inali usipa wouma wa pamsika! Bungwelo linandipatsa njinga yakapalasa, chingwe choyezera maiwe, ndi buku la matenda a nsomba limene masamba ake apakati anali atadyedwa ndi chiswe. Ntchito yanga inali kuphunzitsa anthu kukumba maiwe m'madambo, kuikamo ana a nsomba ndi kuwadyetsa gaga. Kunena ndi pakamwa n'kosavuta. Wina umamuuza lero kuti asatsukire sipuleya ya fodya m'dziwe, mawa umamupeza akutsukiramo, akuimba nyimbo. Wina nsomba zisanakule n'komwe wavuula zonse chifukwa kwabwera apongozi. Wina anandiuza m'maso muli gwa kuti nsomba zake zinasamuka zokha kupita m'dziwe la mchimwene wake. Ndinkabwerera kunyumba mawu atatha, miyendo ili magazi okhaokha chifukwa cha misundu. Zimene buku lija linalephera kundiphunzitsa ndinaziphunzira m'matope, moti pofika chaka chachitatu panalibe kachilombo ka m'madzi a ku Mkanda kamene sindinkakadziwa. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti zimene zinachitika pambuyo pake sizinachitike chifukwa cha umbuli.

Chaka chachisanu ndi chitatu, mvula itayamba

Chaka chimenecho tinalandira bwana watsopano, a Mbewe. Anali munthu waukhondo, wa nsapato zowala, wokonda malipoti kuposa nsomba. Dziwe ankalionera patali, ataima pachulu. Koma mutu anali nawo, zimenezo sindingawamane. Iwo ndi amene anaona kuti vuto lathu lalikulu linali mbewu. Ana a nsomba tinkawatenga kutali, m'zigubu, ndipo pofika kuno ambiri amakhala atayandama. A Mbewe anati tikumbe dziwe lathulathu loswetsera nsomba konkuno. Malo abwino anapezeka pa esiteti ina ya fodya cha ku Kapondo, pa dambo losaphwa ngakhale m'chilimwe. Mwini esitetiyo, a Sakala, anavomera kutipatsa malowo pamodzi ndi thirakitala yawo. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti mlangizi aziwaonerako nsomba zawo za m'nyumba. Mlangiziyo ndinali ine.

Nsombazo zinali m'thanki ya galasi pabalaza, yaitali ngati tebulo, ndi kapampu kolowetsa mpweya kamene kankangolira tsiku lonse magetsi akakhalapo. Zinali zisanu ndi imodzi, zofiira, zamichira yolendewera. Zosadyedwa. Ine munthu wolimbana ndi njala ya anthu, kundiika kukhala dokotala wa nsomba zongoyang'ana! Ndinkadandaula njira yonse popita kumeneko. Koma ndinadzamva kuti thankiyo anaigula ku Chipata ndi malemu akazi awo, ndipo chimwalirireni mayiwo, a Sakala ankakhala pampando moyang'anizana nayo m'mawa uliwonse asanapite ku zigafa zoumitsira fodya. Ankazithirira chakudya ngati akudyetsa nkhumba. Ndinawauza kangapo kuti achepetse. Iwo ankangoti, "Alangizi, nsomba za mkazi wanga sizingagone ndi njala m'nyumba mwanga."

Wosamalira nyumbayo anali Mai Likoswe. Kwawo kunali ku Phalombe. Anabwera ku Mchinji ndi amuna awo kudzagwira utenanti, amunawo n'kumwalira konkuno, iwo n'kutsala ndi ana atatu. Kumudzi munda wawo unali utagawidwa kalekale. Zonse zimene anali nazo zinali pa esitetipo: ntchito ya m'nyumba, mbuzi, kanyumba ka ku komboni, ndi kamunda ka chimanga kuseri kwake. Ndiwo ankasintha madzi a m'thanki ndi kupukuta galasi. Anali mayi wosalankhulalankhula, koma zimene ndinkawauza ankazichita bwino kuposa alimi anga onse kuwaphatikiza.

Tsiku lina a Sakala anadandaula kuti maluwa apulasitiki a m'thankimo achucha. Ine pofuna kuwasangalatsa, poti thirakitala inali isanayambe kukumba, ulendo wotsatira ndinaima pa dambo lawo lomwelo, ndinavula nsapato, n'kuzula zitsamba za m'madzi zobiriwira bwino. Ndinazitsukuluza kamodzi m'ndowa, basi n'kukazibzala m'thanki. Alimi ndinkawaphunzitsa mpaka kusasa mawu kuti chilichonse chochokera m'dambo chisalowe m'dziwe chisanakhale pachokha masabata angapo. Ine mphunzitsi wake ndinazula, kutsukuluza, n'kuponyamo tsiku lomwelo. A Sakala anakondwa kwambiri, anandipatsa nkhuku. Ndinaimangirira kumbuyo kwa njinga ndikudzitama mumtima.

Mwezi wa Malichi

Nthawi imeneyo bungwe linali litandipatsa njinga yamoto, koma petulo anali atasowa. Tinkakhala pamzere ku boma kuyambira m'mawa, ena n'kumakagula wa m'zigubu wochokera kutsidya kwa malire, wothira madzi. Ndili pamzere choncho, dzuwa likuotcha, foni inalira. Anali Mai Likoswe. A Sakala anali atapita ku Lilongwe kwa masiku angapo.

"Alangizi, muthanki muja mwalowa tinyongolotsi."

"Totani?"

"Tina toyera. Koma tina..."

Nthawi yomweyo mzere unasuntha, mnyamata wa kabaza n'kufuna kundilowerera kutsogolo. Ndinamukalipira, ndipo pobwerera pa foni sindinafunsenso za tina tija. Ndinati, "Toyerato n'tosaopsa, mayi. Timabwera chifukwa cha chakudya chotsala pansi. Chepetsani chakudya, musinthe madzi pang'ono. Ndibwera ndikapeza mafuta." Ndinadula. Mawu oti "koma tina" ndinawamva bwinobwino. Ndinangosankha kuti ndilibe nthawi yawo. Patapita masiku awiri anandifulasha katatu. Ndinaona, ndinati ndiimba madzulo, ndinaiwala.

Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva pambuyo pake. Tina tija tinali misundu. Inayamba kumata pa nsomba, m'zipsepse ndi m'mbali mwa mutu. Nsomba zinayamba kudzikhula pamiyala, imodzi inasiya kudya. Mai Likoswe anaona kuti bwana abwera mawa, mlangizi sakuyankha, nsomba za malemu zikuyamwidwa iwo akuyang'ana. Anachita zimene munthu aliyense wolima kudambo amachita. Msundu ukakumata pamwendo, kapena ukalowa m'mphuno mwa ng'ombe, umatenga tsamba la fodya, kulinyowetsa, n'kufinyirapo madzi ake, msundu umagwa wokha. Nanenso ndachitapo zimenezo kosawerengeka. Pa esiteti ya fodya, m'mwezi wa Malichi, zigafa zitadzaza, mankhwalawo anali paliponse. Anatenga masamba awiri, anawaviika m'kapu, n'kuthira madziwo m'thanki. Misundu inagwadi. Pofika masana nsomba zonse zisanu ndi imodzi zinali zitayandama chagada.

Lolemba

A Sakala ananditumizira galimoto, petulo kaya anamupeza kuti. Ndinawapeza ataima pabalaza, manja kumbuyo. Nsomba zija anali ataziyala pa thireyi, ataziphimba ndi kansalu koyera. Mai Likoswe anali atagwada pafupi ndi chitseko cha kukhitchini.

"Alangizi, mayi awa andiphera nsomba. Athira fodya. Avomera okha. Koma akuti munali zilombo. Ndikufuna mundiuze ni zilombo zanji, ndipo zinalowa bwanji m'nyumba mwanga."

Ndinatulutsa kagalasi kanga kokulitsa zinthu n'kugwada pa thanki. Madzi anali atasinthidwa kale, koma zamoyo zina zinali zitapulumuka m'miyala. Apa ndilembe bwinobwino, mwina mlongo wanu aphunzirapo. Tinyongolotsi ta m'thanki timasiyana pa kayendedwe, ndipo n'chifukwa chake chithunzi sichithandiza. Mtundu woyamba ndi toyera, towonda ngati ulusi wosokera, timene timapiringizika m'madzi mukavundula miyala. Timeneto sitiluma kanthu, timangodya zotsala, ndipo tikachuluka ndiye kuti mwininyumba akuthira chakudya chambiri. Mtundu wachiwiri ndi taphanthiphanthi, timene timatsetsereka pagalasi osadzipinda, mutu wake wosongoka ngati kakhasu, tili ndi timadontho tiwiri ta maso. Timeneto timadya mazira a nsomba, koma nsomba yaikulu sitiipha. Wachitatu ndi msundu. Umagwira ndi mbali zonse ziwiri, kumutu ndi kumchira. Poyenda umamata kutsogolo, n'kukoka thupi lonse, msana n'kukwera m'mwamba, ngati munthu akuyeza nsalu ndi chikhatho. Ukaukhudza umafupika n'kukhala kampira. Mitundu itatu yonseyi inalimo, ndipo ndinawaonetsa a Sakala umodziumodzi, iwo ataweramira paphewa panga.

Kenako ndinatembenuza tsamba la zitsamba zanga zija. Kunsi kwake kunali timatumba ta mazira a misundu, tofiirira, tolimba, tomata m'mizere. Tina tinali titaswa kale. Ndinatembenuza tsamba lina, chimodzimodzi. Madzi a m'thankimo ankachokera pa mjigo, ndipo pa mjigo sipatuluka msundu. Nsomba zinakhala zaka zambiri popanda msundu ngakhale umodzi. Chatsopano m'menemo chinali chimodzi chokha, ndipo wochibweretsa ndi amene anagwira kagalasi.

A Sakala anafunsanso, "Ndiye zinalowa bwanji?"

Ndinati, "Zimenezi zimakonda kubwera ndi madzi, bwana."

Sindinaname kwenikweni, ndi mmene ndinadziuzira. Koma m'nyumbamo wotunga madzi anali mmodzi, ndipo tonse atatu tinkamudziwa. A Sakala anatembenukira kuchitseko. "Mwamva? Mumatunga kudambo poopa kupopa mjigo. Kenako n'kuthira fodya kuti mubise." Mai Likoswe anati, "Ayi bwana, kudambo sindinatungeko," koma mawu awo anali apansipansi, ndipo sanabwereze. A Sakala anati Loweruka lole ipita ku Lilongwe kukatenga ziguduli, mayiwo akwere imeneyo ndi ana awo, kuchoka pamenepo adziwa okha. Kanyumba ka ku komboni akapereke kwa kapitawo. A Sakala atatuluka kukaitana dalaivala, ine ndinazula zitsamba zonse m'thanki, ndinazikulunga m'pepala la pulasitiki, n'kuziponya m'chikwama changa. Ndinati ndikukazitaya.

Lachitatu

Sindinazitaye. Ndinaziika m'botolo la madzi pawindo la kunyumba, sindikudziwa chifukwa chake. Lachiwiri lonse ndinakhala ndikukalipira aliyense, inu munali ang'onoang'ono, mwina simukumbukira. Lachitatu ndinapita ku ofesi n'kuwauza a Mbewe zonse, kuyambira pa zitsamba mpaka pa foni ija. Ndinkayembekeza kuti andikalipira. Anatseka chitseko, anakhala pansi, anavula magalasi.

"Wamva ndani zimenezi?"

"Inu nokha, bwana."

"Zithere pompano. Thirakitala iyamba kukumba mvula ikangosiya. Mukudziwa midzi ingati imene ikudikira dziwe limenelija? Mukawauza a Sakala kuti munthu wathu ndi amene anabweretsa zilombo m'thanki ya akazi awo, dziwe latha. Ndipo tisanamizane, fodya anathira ndi mayiwo. Si inu."

"Anathira chifukwa sindinawayankhe."

"Anathirabe. Alangizi, ine sindikukuuzani kuti mukaname. Ndikuti mukhale chete. Banja limodzi mbali iyi, midzi yonse ija mbali inayo. Masamu ake ndi ovuta?"

Chimene chinkandipsetsa mtima n'chakuti munthuyo ankanena zomveka. Ndikanakonda akanakhala chitsiru. Ndinali nditavutika zaka zisanu ndi zitatu ndi ana a nsomba ofera m'zigubu, ndipo dziwe lija ndinkalifuna kuposa iwo. Ndinali nditakhoma kale zikhomo pamalopo ndi manja anga. Ndinatuluka mu ofesimo nditavomera, ndipo ndisakubisireni, ndinapepukidwa. Bwana anali atandisenzera mlandu.

Lachinayi m'mawa amayi anu akusesa anaima pawindo paja. Timisundu tiwiri tinali titatuluka m'zitsamba, tikukwera m'botolo, kumata ndi kukoka, kumata ndi kukoka. Nkhani yonse anali ataimva kwa ine usiku wa Lachitatu. Anandifunsa kuti, "Kodi izi mukuziweta?" Ndinati ndizitaya. Iwo anati, "Ngati n'zotaya mukanataya Lolemba. Mayi aja ali ndi ana atatu ngati ifeyo." Anapitiriza kusesa. Ndinawakalipira kuti za kuntchito sazidziwa, ndinatuluka, ndipo tsiku lonselo ndinalithera pa dziwe la mlimi wina amene sankandifuna n'komwe.

Lachisanu

Petulo kunalibe. Ndinatulutsa njinga yakapalasa ija, ndinakulunga botolo m'chitenje, ndinalimangirira kumbuyo, ulendo wa ku Kapondo. Msewu unali matope okhaokha. Njira yonse ndinkatukwana: a Mbewe, amayi anu, nsomba zosadyedwa, malemu amene anazigula, mnyamata wa kabaza uja. Ndinagwa kawiri. Ndinafika dzuwa litapendeka, thalauza ili matope mpaka m'chiuno. A Sakala anali pakhonde. Thanki inkaoneka kudzera pawindo, madzi alimo koma mopanda kanthu, kapampu kakulirabe.

Ndinaika botolo patebulo. "Bwana, Lolemba sindinakuuzeni zoona. Misundu sinabwere ndi madzi. Inabwera ndi zitsamba izi, ndipo ndinazibweretsa ndine. Ndinazizula pa dambo lanu n'kuziika tsiku lomwelo, zomwe ndikudziwa kuti siziloledwa."

Anayang'ana botolo. Msundu umodzi unali utamata pagalasi, moyang'anana nawo.

"Mayi aja anandiimbira zitangoyamba," ndinapitiriza. "Sindinawamvetsere. Anandifulasha katatu, sindinaimbe. Ndikanangowauza kuti aike nsomba m'beseni la madzi a mchere pang'ono kwa kanthawi, misundu ikanagwa, nsomba zikanakhala moyo. Iwo anachita zimene amadziwa. Inunso msundu utakumatani lero mungathamangire ku chigafa."

"Ndiye kuti Lolemba, pamene munagwada paja ndi kagalasi kanu, munkadziwa?"

"Ndinkadziwa, bwana."

"N'kundisiya ine ndikutukwana mayi wamasiye pamaso panu?"

"Eya."

Apa ndikanakhala wanzeru ndikanatseka pakamwa. Koma kutopa ndi mkwiyo zinandikwera, ndipo ndinawonjezera kuti tinyongolotsi toyera tija ndi tawo iwowo, chifukwa ndinawauza kambirimbiri kuti nsomba si nkhumba. A Sakala anaimirira. Anali munthu wamtali. Anati, "Tengani botolo lanu. Muwauze a Mbewe kuti thirakitala yanga ili ndi ntchito zina. Pa dambo langa sipakumbidwa kanthu. Munthu amene sangasamale nsomba sikisi ndimupatse dambo?" Ndinafunsa za Mai Likoswe. Anati za antchito awo sizindikhudza. Ndinakwera njinga osadziwa ngati ndapulumutsa munthu kapena ndangotaya dziwe pachabe.

Mwezi wa Epulo

A Mbewe sanandikalipire. Anangolemba kalata yabwino kwambiri, yoyamikira luso langa, yondisamutsira kudera la kumalire kumene kunali maiwe ochepa ouma ndi alimi amene maso awo anali pa malonda a ku Chipata. Kumeneko ndinakhalako zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo inu akuluakulu mukukumbukira nyumba yodontha ija. Dziwe loswetsera nsomba silinakumbidwe nthawi yonse imene ndinagwira ntchito. Ana a nsomba anapitiriza kufera m'zigubu, ndipo alimi ena amene ndinawalonjeza anakwirira maiwe awo n'kubzalapo nzimbe. Zimenezo zimandiwawa mpaka lero, ndipo amene amati ndinachita bwino sanaone nkhope za alimi amenewo.

Ndisanasamuke ndinapita ku esiteti kuja kukazula zikhomo zanga, poti bungwe linkazifuna. Ndinadutsa ku komboni mtima uli m'mwamba. Kanyumba kaja kanali kotsegula, zovala za ana zili pachingwe. Mai Likoswe anali atakhala pakhonde akusenda mtedza wa bwana. Sanachotsedwe. Ndinadzamva pambuyo pake kwa kapitawo kuti Loweruka lija a Sakala anatuma mawu lole isananyamuke, kuti mayiwo abwere adzatsuke thanki, ndipo nkhani inathera pomwepo. Ndinasangalala kwambiri moti ndinatsika njinga ndikumwetulira, ndikuyembekezera kuthokozedwa.

Kuseri kwa nyumbayo, m'kamunda kawo kaja, amuna awiri ankadula chimanga n'kumasanja mikukwe. Chinali chitabereka bwino chaka chimenecho. Ndinati, "Mwapeza aganyu, mayi? Chaka chino ndiye mwakolola."

"Si changa," anatero, osasiya kusenda. "Ndinagulitsa chili m'munda, Lachitatu lija. Chimanga chachiwisi sungakwere nacho lole. Mbuzi ndinagulitsa Lachinayi. Wogula akadziwa kuti ukuchoka Loweruka, mtengo amatchula yekha."

Ndinayang'ana khola. Linali lotsegula, mopanda kanthu.

"Simungakambirane naye kuti akubwezereni?"

"Ndinapita. Akuti malonda ndi malonda."

Ndinaima pamenepo ndi zikhomo zanga m'manja. Ndinayamba kufotokoza za petulo, za msewu, za dziwe, za midzi imene inkadikira. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anakutumula makoko a mtedza pachitenje n'kundiyang'ana, koyamba chifikireni.

"Alangizi, ndathokoza kuti munabwera. Anawa akugona m'nyumba chifukwa cha inu. Koma Lolemba lija ine ndinagwada pachitseko, ndinkakuonani. Munatembenuza tsamba, nkhope inasintha. Bwana atatuluka munaika zitsamba m'chikwama. Ndinadziwa kuti mwadziwa."

"Bwanji simunanene, mayi?"

"Ndinene ine? Mawu a wantchito wothira fodya, ndi mawu a alangizi a kagalasi, bwana akanamva ati? Ndinangoti munthuyu ndi wa tchalitchi, abwera mawa. Lachiwiri ndinayang'ana kumsewu tsiku lonse. Lachitatu ndinadikira mpaka masana, ndiye ndinaitana wogula." Anatola mtedza wina. "Munkadziwa Lolemba. Bwanji munabwera Lachisanu?"

Ana anga, ine ndayankhapo mafunso a alimi, a mabwana, a alendo ochokera kunja obwera ndi makamera. Funso la mayi ameneyu ndinalephera. Amuna aja anapitiriza kudula chimanga kumbuyo kwathu, iwo anapitiriza kusenda mtedza, ine ndinamangirira zikhomo panjinga n'kutsanzika. Chaka chimenecho banja lija linadya chimanga chogula, munda wawo utabereka. Ndinali ndi masiku anayi m'manja mwanga, ndipo ndinawathera pofunafuna munthu woti andiuze kuti kukhala chete kulibe vuto.